Sakhuta Akafunsira Mbeta ku Chiosya

Zaka zimenezo, cha m'ma 2003, ukafika pa Mchinji Boma n'kufunsa kuti a Vitus amakhala pati, anthu ankangoyang'anizana. Koma ungoti Sakhuta, ha! ngakhale wogulitsa makala ankasiya njinga yake n'kukuperekeza mpaka pakhomo.

Sakhuta linali dzina la m'sewero. Vitus anali wa zisudzo m'gulu la Tadzuka, ndipo chiyambire gululo sanapatsidweko gawo la mnyamata wokondedwa kapena la m'busa. Gawo lake linali limodzi basi, la mdala wadyera amene amafika pamaliro ndi ngolo, mtembo usanatuluke m'nyumba, n'kuyamba kulanda mipando ndi mbuzi za namfedwa. Ankavala ndevu za khonje ndi pilo pamimba. Akalowa ankatsokomola kawiri, kusisita bondo, kenako n'kunena mokoka mawu kuti, "Apa tisanamizanepo, abale anga." Anthu ankafa nako kuseka. Maholo a sukulu ankadzaza, matepi a vidiyo anafika mpaka ku Chipata, ndipo wailesi ya kanema itayamba, Sakhuta analowanso m'nyumba za m'tauni.

Koma abale inu, kutchuka kwa mtundu umenewu n'kozizira. Sewero likatha, atsikana ankathamangira mnyamata wosewera gawo la mphunzitsi wabwino. Vitus ankavula ndevu yekha kuseri kwa nsalu n'kukakwera minibasi yekha. Amayi a mumsika ankamukuwa kuti, "Sakhuta, lero mwalanda za yani?" ndipo ena mwa iwo sankaseka ponena. Kumaliro enieni anasiya kupita, chifukwa akangofika anthu ankayamba kukodolana n'kubisa kuseka m'zitenje. Makolo ake anachokera ku Mulanje kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, n'kumwalira konkuno. Wachibale analibe. Pausinkhu wa zaka makumi anayi ankakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa chigayo, kudziphikira, kudzichapira, n'kumayankhana ndi wailesi ngati muli munthu.

Mmodzi yekha ndiye ankamuitana ndi dzina lake, Stelia, telala wa pakhonde la golosale pafupi ndi depoti. Tsiku loyamba Vitus atabweretsa jekete la m'sewero kuti alisoke, Stelia anafunsa kuti mwini jekete ndani. Iye anati Sakhuta. "Ayi," anatero mtsikanayo, "ndikufunsa dzina limene anakupatsani amayi anu."

Kuchokera pamenepo jekete lija silinaonenso mtendere. Sabata ino batani lathothoka, sabata yamawa thumba lang'ambika. Mvula inagwa n'kutha, fodya anapita ku okushoni, mawu achikondi ananenedwa n'kuvomerezedwa, koma bambo wamkuluyu ankabwerabe ndi jekete m'khwapa.

* * *

Masana ena Stelia anaimitsa makina n'kumuyang'ana.

"A Vitus, batani ili mwachita kudula ndi lezala. Ulusi wake ukuchita kuonekeratu."

"Mwina ndi makoswe."

"Makoswe a kwanu ali ndi malezala? Tandiuzani, muzindiyendera ndi mabatani mpaka liti? Ine ndakula. Anzanga onse ali pabanja. Zaka zanga zinathera podwazika malemu bambo, ndipo zotsalazi sindikufuna zithere pakhonde pano."

Vitus anayang'ana nsapato zake. "Ndimaopa kwanu, Stelia."

"Kwathu kuli anthu, kulibe afisi. Amayi ndawauza kale. Atsala atsibweni, a Kefasi, ku Chiosya. Ndiwo eni mbumba. Ngati mukundifuna, njira yake ndi imeneyo, ina palibe."

"Ndipita ndi ndani? Mnyamata amapita ndi atsibweni ake. Ine ndilibe ngakhale msuweni wondinyamulira njinga."

"Nanga a Enoki, mkulu wa gulu lanu? Si mumati ali ngati achimwene anu?"

Asanayankhe, galimoto yoyera inaima pafupi n'kuwathira fumbi. Anatulukamo Laston, mnyamata wosintha ndalama kuboda, wotchi yagolide pamkono, makiyi akuzungulira pachala. Laston anali atamufunsira Stelia kawiri n'kukanidwa kawiri, koma iye kukanidwa ankakuona ngati kukambirana mtengo.

"Sakhuta mudala! Mwayamba kulanda matelala tsopano?" Anaseka yekha, n'kutembenukira kwa Stelia. "Dzulo ndinali kwanu. Atsibweni ako ndinawatengera kuchipatala, bondo lija lawavutanso. Amandikonda mdala uja."

"Mwachita bwino," anatero Stelia, osadzutsa mutu.

"Ndamva kuti ukufuna kupita nawo kumudzi awa. Chonde udzandiuze tsiku. Sewero laulere ngati limenelo sindingaphonye."

Galimoto itachoka, Vitus anafunsa kuti mnyamatayo amatanthauza chiyani. Stelia anapondaponda makina mopanda nsalu.

"Laston ndi wapakamwa. Inu bwerani Loweruka, muvale malaya abuluu aja. Jekete ili mulisiye."

* * *

Enoki anavomera ndi manja awiri. Anali munthu wamtima wabwino, wamimba yeniyeni osati ya pilo, koma pakamwa pake panalibe chitseko. Ulendo wonse pa matola anayeserera mawu aunkhoswe mokweza, mpaka amayi ena okwera nawo anayamba kumukonzera polakwika.

"Iwe ukangokhala chete," anamuuza Vitus. "Nkhope yako yopanda ndevuyi kumudzi sakuidziwa. Zolankhula undisiyire ine."

Anafika dzuwa lili paliwombo. Amayi Filomena, mayi ake a Stelia, anawalandira mwaulemu n'kuwaikira mipando mumthunzi wa chigafa cha fodya. Stelia anapereka moni atagwada, n'kukakhala pamphasa chapatali ndi amayi ake. Vitus anaona nkhuku, nkhokwe, mbale zoyanikidwa pathandala, ndipo mtima unamuwawa ndi kukhumbira. Kuyambira pamene amayi ake anamwalira anali asanakhaleko pakhomo pamene anthu amamudikira iye.

Kenako a Kefasi anatuluka m'nyumba. Anali mkulu wochepa thupi, wovala mwaukhondo, woyenda motsimphina pang'ono. Anapatsa alendo moni wam'manja n'kukhala pampando wawo. Anatsokomola kawiri. Anasisita bondo.

"Apa tisanamizanepo, abale anga," anatero mokoka mawu. "Mwabwera ndi mawu anji?"

Vitus anaikumbukira nkhopeyo nthawi yomweyo. Zaka zambiri m'mbuyomo, gulu la Tadzuka likungoyamba, anapita kumaliro a tenanti wina kufupi ndi Chiosya. Amene analankhula m'malo mwa banja anali mkulu ameneyu. Umu ndi mmene Vitus ankagwirira ntchito yake: ankaba kayendedwe ka munthu pamsika, kaseka ka munthu m'basi, n'kukazivala pasiteji. Tsiku limenelo anaba chifuwa, bondo ndi mawu a mlendo amene sanamufunse n'dzina lomwe, n'kukazipereka kwa wakuba wa m'sewero.

Anafuna kuponda phazi la Enoki, koma anachedwa. Enoki anali ataphulika kale.

"Ha ha ha! Mayo ine, nthiti zanga! Bambo, mwamutengera ndendende! Vitus, wamva? Ngakhale bondo! Ndaonapo anthu ambiri akuyeserera Sakhuta, koma inu mwawaposa onse. Bwerezaninso, chonde!" Anawomba m'manja, misozi ili m'maso. "Ndiye mwatilandira bwino bwanji! Mwini wake wa Sakhuta ndi ameneyu, mkamwini wanu!"

Palibe amene anaseka naye. Amayi Filomena anagwira pakamwa. Stelia anaweramitsa mutu mpaka chibwano chinagunda pachifuwa.

"Ndatengera ndani?" anafunsa a Kefasi chapansipansi.

Enoki anayang'ana uku ndi uku, kuseka kukumuuma pankhope.

"Ine sindikuyeserera munthu, bambo. Ndimalankhula chonchi chibadwire. Chifuwachi ndi cha fumbi la fodya. Bondoli inandiponda ngolo." Anatembenukira kwa Vitus n'kumuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye ndinu? Tepi yanuyo ine ndinakana kuionera. Anabwera nayo anyamata pa vidiyo ya pagolosale, ndipo kutacha m'mawa ndinapeza dzina langa lasintha."

"Bambo…"

"Dikirani, ndinu mlendo, mumve. Maliro onse a mudzi uno ndinkalankhulapo ndine. Tsopano ndikangoimirira n'kutsokomola, anthu amaseka, pamanda penipeni, bokosi lili apo. Anandipempha mwaulemu kuti ndizikhala pansi. Mng'ono wanga atamwalira, ndinapita kukakhuza. Mkazi wake atamva kuti ndikubwera anatsekera mbuzi m'nyumba. Mlamu wanga, amene ndinamulimira munda chaka cha njala! Ndinalandapo supuni ya munthu ine?"

Nkhuku inadutsa pakati pa mipando, ndipo onse anaiyang'ana ngati ili ndi yankho.

"Ndikufunseni chimodzi. Anthu amati n'zongofanana. Ine ndikufuna ndimve kwa inu. Munandionapo?"

Bodza linali pafupi, ndipo Enoki ankamutsinzinira diso kuti alitole. Vitus anayang'ana Stelia.

"Ndinakuonani, bambo. Pamaliro a tenanti, pa esiteti ya kutsidyako. Munalankhula bwino kwambiri, n'chifukwa chake sindinakuiwaleni."

"Ndinalankhula bwino, ndiye munandisandutsa mbava." A Kefasi anaimirira. "Madzi mwamwa. Matola omaliza amadutsa dzuwa likapendeka. Za mwana wa mlongo wanga musazitchulenso."

* * *

Pobwerera Enoki sanalankhule mpaka pa Kamwendo, chinthu chimene chinali chisanachitikepo.

Lolemba Vitus anapita pakhonde la golosale ndipo anapeza makina ataphimbidwa ndi chitenje. Mawa lake chimodzimodzi. Mwini golosale anangoti mtsikanayo sanabwerere kuchokera kumudzi. Vitus ankadutsa pamenepo m'mawa ndi masana ngati ali ndi kopita, kenako n'kubwerera kuseri kwa chigayo. Wailesi sanaitsegulenso. Foni yake yaing'ono ankaiika pampando moyang'anizana naye n'kumaiyang'anira ngati wodwala. Kusungulumwa ankakudziwa kuyambira kale, koma kale kunalibe munthu womusowa. Uku kunali kwina.

Sabata ikutha foni inalira. Inali nambala ya lamya yolipira ya ku Chiosya.

"A Vitus."

Anangomva dzinalo n'kukhala pansi.

"Stelia, bwanji sunandiuze? Unkadziwa kuti atsibweni ako amawatcha Sakhuta. Laston ankadziwa. Ine ndekha ndi Enoki ndi amene tinapita ngati mbuzi."

"Ndinkaopa kuti simubwera. Ndiponso ine zisudzo sindionera. Ndinkayesa kuti ndi pakamwa pa anthu chabe, kuti zinangofanana. Ndinkati akakuonani mmene mulili, ofatsa chonchi, mtima wawo ukhala pansi, ndiye za ntchito yanu tiwauza pambuyo. Ndinkakuikirani kumbuyo, a Vitus. Anzanga akamanena ndinkati munthu uja sangachite zimenezo dala. Nanga inu munandiuzapo kuti Sakhuta munamutenga pa munthu wamoyo?"

"Sindinkadziwa kuti ndi atsibweni ako."

"Akanakhala atsibweni a wina zikanakhala bwino?"

Vitus anamva mwini lamya akuuza Stelia kuti afulumire.

"Tamverani. Amayi agwada, alira, mpaka atsibweni afewa pang'ono. Akuti ngati mukufuna akumvereni, mubwere Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi. Muime pamaso pa mudzi wonse, muwauze kuti munawanamizira. Akuti dzina munawalanda pagulu, mubwezenso pagulu."

"Ndibwera."

"Musavomere msanga. Laston watumiza mawu kuti anthu ake akufuna kudzaonekera. Atsibweni sanayankhe, akudikira Lamulungu. Zikakanika… Ine ndimakukondani inuyo. Koma atsibweni ndi amene anandilipirira sukulu ya zosoka, ndi amene anaika bambo anga m'manda. Sindingawapondenso pamene mwawaponda kale."

Lamya inaduka.

* * *

Enoki atamva anagwira kumutu.

"Usapite wekha. Tiyeni tipite gulu lonse, tikonze kasewero kakafupi, Sakhuta alape, mdala uja timuveke ulemu. Anthu amamva bwino zinthu zikakhala m'sewero."

"Sewero ndi limene lawononga. Ndikupita ndekha, wopanda ndevu, wopanda pilo. Ndipo ndikuuziretu, chifuwa chija ndi bondo lija ndasiya. Mawu ajanso ndasiya. Si anga."

"Ndiye Sakhuta atsala ndi chiyani? Vitus, a kanema akufuna magawo ena chaka chino. Ukuganiza akufuna nkhope yakoyi? Zaka zonsezi wadya chifuwa chimenechi."

"N'chifukwa chake chanditsamwa."

Enoki anapumira m'mwamba. "Ndakulakwira kale kamodzi, sindikukakamiza. Koma ine anthu ndimawadziwa kuposa iwe. Iwe umaona munthu mmodzimmodzi, ine ndimaona gulu. Gulu likakudziwa kuti ndiwe woseketsa, ngakhale unene kuti nyumba ikupsa limayamba laseka."

Vitus anasita malaya abuluu aja. Mawu oti akanene anawayeserera kamodzi kokha n'kusiya, chifukwa anaona kuti akuyamba kuwakometsa ngati a pasiteji.

* * *

Lamulungu atatsika matola anadabwa. Bwalo la tchalitchi linali lodzaza kuposa pa Khirisimasi. Kunali njinga zambirimbiri, ogulitsa nzimbe ndi zitumbuwa, anthu a mipingo ina, ena mpaka ochokera ku Dambe. Pansi pa mtengo wa mango panaima galimoto yoyera, Laston atakhala pabonati akutafuna nzimbe.

Mayi wina wogulitsa zitumbuwa anamugwira dzanja Vitus. "Ndinu eti? A Laston anatiuza kuti lero kuli Sakhuta waulere, ndipo asewera ndi mnzake wa konkuno!"

Vitus anafuna kubwerera. Koma anaona a Kefasi atakhala pampando patsogolo pa masitepe a tchalitchi, atavala jekete la Lamulungu, manja pamaondo, akudikira dzina lawo. Kumbuyo kwawo kunali amayi Filomena ndi Stelia. Vitus anakwera masitepe.

"Abale ndi alongo, dzina langa ndine Vitus."

"Bodza!" anakuwa wina kumbuyo. "Ndevu mwasiya kuti?" Kuseka kunayenda bwalo lonse.

"Sindinabwere kudzasewera."

"Eee, mwabwera kudzalanda!"

"Chonde, ndimvereni. Bambo awa, a Kefasi, ndi munthu wolungama. Sanalandepo kanthu ka munthu. Ndine amene ndinaba kalankhulidwe kawo. Wakuba ndine."

"Wavomera! Sakhuta wavomera!" Amayi analuluta.

Anakweza mawu, iwo anakweza kuseka. Anatsitsa mawu, iwo anati tamverani mmene akudzichepetsera kambukuyu. Kukhosi kunamuuma ndi fumbi la matola ndi mantha. Analimbana nacho, anameza malovu, koma thupi silimva za ulemu. Anatsokomola.

Abale inu, bwalo linagwa. Anthu anagwirana mapewa, ena anakhala pansi, mnyamata wina anagwa panjinga. "Bondo! Bondo!" ankakuwa. "Tisanamizanepo!"

Vitus anatsika masitepe osaona bwino. Anafika pamaso pa a Kefasi n'kugwada m'fumbi. Misozi inatuluka yokha, yotentha, ya zaka zonse zimene anadya yekha ndi kudwala yekha.

"Bambo, ndikhululukireni. Ndilibe bambo, ndilibe mayi, ndilibe aliyense. Ndinakulakwirani. Musandimane Stelia."

Kunamveka kuwomba m'manja ngati mvula padenga la malata. Mayi wina wachikulire anabwera akuvina n'kumusupa Vitus ndi kandalama kachitsulo. Wina anatsatira. Kenako wina, poona kuti mkulu wakhala pampandoyo wagwira nkhope yaukali bwino chotere osaseka, anaponya yake pamiyendo ya a Kefasi.

"Asupeninso awa! Akuitha! Sakhuta awiri!"

A Kefasi anayang'ana kandalama kali pa thalauza lawo. Anakatola ndi zala ziwiri n'kukaika pansi pang'onopang'ono. Sanamuyang'ane Vitus. Anaimirira n'kuyamba kuchoka, ndipo poti bondo linali litauma pampando, anatsimphina kwambiri kuposa masiku onse. Anthu anawapatsa njira akuwomba m'manja. Laston anadumpha pabonati, anataya nzimbe, n'kuthamanga kukawagwira mkono ngati mwana wawo.

* * *

Stelia anamupeza Vitus kuseri kwa tchalitchi, atakhala pa mulu wa njerwa, maondo ali fumbi lokhalokha. Anthu anali akubalalika, ena akudandaula kuti sewero lafupika.

"Ndayesetsa, Stelia. Waona wekha."

"Ndaona."

Sanakhale pansi. Maso ake anali ofiira, ndipo ankapotokola nsonga ya chitenje.

"Ndipitanso kwa iwo ndekha, kopanda anthu. Ndikalima munda wawo. Zisudzo ndisiyiratu, ndikasenza matumba pachigayo. Laston ndi amene waitana anthuwa, iwe ukudziwa."

"Ndikudziwa. Koma si Laston amene amaseka. A Vitus, pamene munagwada ine ndinalira nanu. Ndinati atsibweni aone munthu amene ndimamudziwa ine. Ndiye mayi wina pambali panga anauza mnzake kuti, 'Ndi momwemu mu tepi ija, pamene amugwira ndi mbuzi. Amayamba bondo lamanzere, kenako manja pachifuwa, kenako amati ndilibe aliyense.' Mnzakeyo anamalizitsa mawu anu inu musanawamalize."

Stelia anamuyang'anitsitsa.

"N'zoona? Mumatero m'sewero?"

"Ndimatero," anayankha movutika. "Koma mawu amenewo ndinawaika m'sewero chifukwa ndi anga. Lero sindimasewera. Thupi ndi lomweli, Stelia, maondo ndi omwewa. Ndilibe ena ogwadira."

"Ndiye ine ndidziwa bwanji?"

"Iwe umandidziwa."

"Ndimayesa choncho. Anthu onse aja anakuonanipo mukulira, ine ndekha ndi amene ndinali ndisanakuoneni. Iwo amadziwa chotsatira, ine ayi. Tsiku lija pakhonde munandigwira dzanja n'kunena kuti moyo wanu unali nyumba yopanda moto, ndinapita kunyumba osaponda pansi. Tsopano ndikudzifunsa kuti kodi amayi aja akanakhalapo, akanamalizitsanso?"

Hutala ya galimoto ya Laston inalira. Amayi Filomena anatulukira pangodya ya tchalitchi, nkhope itagwa. Iwo sanamuyang'ane Vitus n'komwe, mwina chifukwa cha chisoni.

"Stelia, atsibweni ako akuti ukwere, bondo lawatupa. Avomera mawu a Laston. Anthu awo akubwera Loweruka, ndiye pali zokonza."

"Ndikubwera, amayi."

Mayiwo anabwerera. Stelia anatsala ataima, akumuyang'ana m'maso, ndipo Vitus anaona kuti mtsikanayo sakufuna kupita. Ankadikira mawu amodzi okha oti awagwire. Vitus anafufuza m'mutu mwake. Ndimakukonda, analinenapo ku holo ya boma, Sakhuta akunyengerera mkazi wamasiye. Ndikulumbira, analinenapo. Usandisiye, analinenapo, anthu n'kuseka mpaka kugwa m'mabenchi. Chilichonse chimene chinabwera pakamwa chinali chitagwirapo kale ntchito.

Hutala inaliranso, motalika.

"Loweruka si kutali, a Vitus," anatero Stelia.

Anatembenuka n'kuyenda kupita ku mtengo wa mango. A Kefasi anali atakhala kale kutsogolo, akuyang'ana kumbali. Stelia anakwera kumbuyo pafupi ndi amayi ake, ndipo chitseko anamutsekera ndi Laston.